Mapu Amene Ababa Anakhoma Chadodolido

Ndikukumbukira khoma la pabalaza pathu ku Biriwiri bwino kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope ya ababa. Zimandimvetsa chisoni kunena choncho, koma ndi mmene zilili. Ababa tinkawaona mwa apo ndi apo, zaka zikadutsa, pomwe khomalo linalipo tsiku lililonse, lozira ndi dothi lofiira, likununkha utsi ndi fumbi la kachewere, mbatatesi ya kwathu, wa mbewu amene tinkamuunjika pakona. Pakati pa khomalo panali mapu aakulu a mzinda umene ababa ankagwirako ntchito. Anali okhomedwa m'makona ndi misomali yoboola pa zivindikiro za mabotolo kuti pepala lisang'ambike.

Amayi, a Nangozo, anali munthu wa kudimba. Ankalima kabichi, tomato ndi anyezi m'mbali mwa mfuleni, n'kumakagulitsa kumsewu waukulu kwa anthu a m'mabasi ndi m'malole. Sukulu sanaponde, ndipo sankabisa. Koma anali ndi funso lawo limene aliyense m'dera lathu ankalidziwa. Mlendo akafika, anthu ena amafunsa za mvula kapena za odwala kumene wachokera. Amayi ayi. Moni akangotha, ankafunsa kumene mlendoyo amatunga madzi, komanso amene ali kumtunda kwake. Azimayi anzawo mpaka anawapatsa dzina loti a Nakumtunda, ndipo iwo ankangoseka nawo.

Funsolo silinali la nthabwala. Mwana wawo woyamba, mkulu wanga amene sindinamuone, anamwalira ali wakhanda pamene makolo anga ankakhala kunsi kwa dibi la ng'ombe. Madzi a m'dibimo ankatayidwira kumfuleni, anthu a kunsi n'kumamwa osadziwa. Maliro atatha, amayi anakakamira kuti nyumba isamukire pamwamba pa chitunda, pafupi ndi kasupe. N'chifukwa chake ife tinakulira pamalo pamene mphepo ya mu Juni inkatiluma makutu mpaka kusweka milomo, anzathu a kuchigwa akuothera dzuwa mwamtendere. Tikadandaula, amayi ankatiuza kuti ndi bwino kuzizidwa kusiyana ndi kumwa zotsukira za munthu wina.

Ababa ankagwira ntchito ku Joni, pa fakitale yosungunula zitsulo, mumzinda wa m'mbali mwa mtsinje waukulu. Dzina la mzindawo linkatipinda lilime, ndiye pakhomo pathu tinkangoti Kumachumuni. Ulendo umene anabwera ndi mapu aja ndinali ndisanayambe sukulu. Anabweretsa mabulangete, nsapato zanga zimene zinandithina tsiku lomwelo, ndi pepala lalitali lokulungidwa ngati mphasa ya mwana. Anati kapitawo wawo anawatuma kukatentha mapepala akale a muofesi, iwo n'kulimvera chisoni limeneli. Linali lakale ndithu, mwina kuposa iwo eni, lofiirira m'mphepete ndiponso lofewa m'mapindo.

Mapuwo anawayala pamphasa pakhonde masana, n'kutsindira miyala m'makona. Oyandikana nafe anabwera kudzaona, ana tikukankhana m'miyendo mwa akuluakulu. Ababa anathyola kaudzu n'kuyamba kuloza: apa njanji, apa mlatho wa sitima, apa mlatho wa magalimoto, apa popanga magetsi, apa pofufuta zikopa, apa sopo, apa pophera ng'ombe, apa fakitale yathu. Anthu ankangopukusa mitu. Amayi anadikira mpaka phokoso litazizira, kenaka anafunsa funso lawo lija.

"Bambo a Edina, nanga inu mumagona pati? Madzi mumatunga kuti?"

Edina ndine. Ndinali nditakhala pafupi ndi bondo la ababa, ndipo ndikukumbukira zimene anachita. Anati dzuwa likuwathobwa m'maso. Anachotsa miyala ija, nazunguliza pepala lonse, n'kutsindiranso. Ndiye anaika chala chawo kumtunda kwenikweni kwa pepalalo, pambali pa mtsinje. Pamalopo panalibe nyumba ngakhale imodzi, koma timizere tokhala ngati zitsa za udzu, chifukwa mapuwo anajambulidwa komboni yawo isanamangidwe, pakadali dambo. Anayatsa machesi, nazimitsa, n'kudinda kadontho kakuda ndi mutu wake.

"Apa, Nangozo. Pamwamba penipeni. Mafakitale onsewa ali kunsi kwathu."

Amayi anapumira m'mwamba, naomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuthokoza munthu wamkulu. Kwa iwo, komanso kwa ife tonse a kumapiri, nkhani inali yosavuta. Madzi amachoka pamwamba kupita pansi. Amene ali pamwamba ndiye amamwa oyamba. Madzulo asanafike ababa anali atakhoma kale mapuwo pabalaza, kadontho kawo kali pafupi ndi denga.

Mzinda umenewo ine ndi mlongo wanga Yohane tinauyenda mpaka kuutopetsa, osachoka pabalaza. Tinkakwera pampando n'kumayendetsa zala. Mtsinje unali wobiriwira mofuwa, ngati chitenje chochapidwachapidwa, ndipo unkakhota pakati pa mzinda. Njanji zinali ngati msoko wa telala. Pafupi ndi siteshoni zinkagawikana n'kukhala zambirimbiri, iliyonse kulowa m'kabokosi kake kakuda, ndipo timabokosito ndiwo anali mafakitale. Yohane ankakhala dalaivala wa sitima, ine wogulitsa tomato pa mlatho, ndipo tinkakangana chifukwa sitima yake sinkaima kuti anthu andigule. Pafupi ndi kadontho ka ababa panali tinthu tozungulira tondandalikana bwino. Titafunsa, ababa anati amenewo ndi madamu a nsomba. Yohane analumbira kuti akadzakula adzapita ndi mbedza.

Kunsi kwa mapu, pafupi ndi pansi, kunali misewu yowongoka yodulana bwinobwino, mabwalo a masewera, damu lalikulu ndi nyumba yopopera madzi. Ababa anati kumeneko kumakhala azungu ndi mabwana. Amayi ankawamvera chisoni anthu amenewo, chisoni chenicheni. Ankauza alendo kuti taonani, anthu a chuma chonsechi, koma anakamanga kunsi kwa pofufuta zikopa. Mlendo aliyense ankalowetsedwa m'nyumba kuti aone pamene bambo a Edina amagona, ndiponso kuti amve kupusa kwa azungu.

Nditayamba kuwerenga ndinaona kuti zilembo za pamapu athu sizinkaima ngati za m'buku la kusukulu. Zonse zinali miyendo m'mwamba. Njira yokhayo yoziwerengera inali kuwerama n'kuyang'ana kudzera pakati pa miyendo, ndipo amayi atandipeza ndili choncho anandikwapula ndi kamtengo kosonkhezera moto, kuti mwana wamkazi sachita zimenezo. Ababa atabweranso ndinawafunsa. Anaseka, nati anthu a kumeneko amalemba chadodolido chifukwa dziko lawo lili kunsi kwa lathu. Ndinakhulupirira, ndipo ndinakawauza anzanga kusukulu monyadira.

Ulendo umenewo ndi umene tinaona kuti ababa sali bwino. Anabwera ndi nsapato zabwino m'chikwama, koma ankayenda ndi patapata m'nyengo yozizira chifukwa mapazi anali otupa. Khungu la m'manja linkasupuka. Chakudya ankangochitola pang'ono, n'kunena kuti m'kamwa mukuwawa ngati ayamwa msomali. Ababa anali katswiri wovina ngoma, gule wa Chingoni, munthu woponda pansi mpaka fumbi kufika m'mawondo, koma pa ukwati wina wa kwa achibale anangoponda pang'ono n'kukakhala pamthunzi, akupuma movutikira.

Amalume a Biliati, achimwene awo a amayi, anali atagwirapo ntchito kumigodi, ndipo anthu otupa chotere anali atawaonapo. Tsiku lina m'mawa anabwera, naitanitsa mipando pansi pa mtengo wa mapichesi, n'kuwauza ababa mosapita m'mbali kuti asabwererenso. Anati kaya ndi utsi, kaya ndi madzi, koma chilipo chimene chikuwadya kumeneko. Ababa anakana mofatsa. Anati ana ali pasukulu, denga likudontha, ndipo dimba lokha silingasenze zonsezo. Anakambirana mpaka dzuwa kufika pamutu. Pomaliza amalume anati nkhaniyi aimalize mlongo wawo, poti wotsala ndi ana ndi iyeyo, ndipo ababa anavomera kuti chimene a Nangozo anene, iwo achita.

Amayi anadzuka, nalowa m'nyumba. Ine ndinkawaonera pakhomo. Anaima patsogolo pa mapu aja nthawi yaitali, manja ali kumbuyo. Kenaka anatambasula dzanja, nayamba pa kadontho ka ababa, n'kutsetsereka ndi chala motsatira mtsinje, kudutsa madamu a nsomba, pophera ng'ombe, pofufuta zikopa, fakitale ya zitsulo, mpaka pansi kwa azungu. Atatuluka, nkhope yawo inali itamasuka.

"Achimwene, akanakhala kuti ali kunsi kwa mafakitale aja sindikanalola. Koma ali kumtunda. Kutupaku n'kuima tsiku lonse pa makina. Apite, akamalize, adzabwere."

Amalume anavala chipewa chawo n'kunyamuka. Ababa anangoyang'ana pansi, akufukula dothi ndi chala cha kuphazi. Tinawaperekeza kumsewu patangopita masiku ochepa, amayi atasenza thumba la kachewere woti akadye kumeneko.

Ababa anabweradi, koma anatsika basi atagwiriziridwa ndi mnzawo wa ku Kandeu amene ankagona naye chipinda chimodzi. Kuchokera kumsewu tinawakweza pangolo. Kuchipatala anati impso zatha ntchito, ndipo palibe chimene akanachita. Mpaka lero sindinganene motsimikiza chimene chinawapha, kaya ndi madzi, kaya ndi mpweya wa m'fakitale, kaya ndi matenda amene akanawapeza ngakhale ali kuno. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku awo omaliza sankafuna tiyi kapena thobwa. Ankangofuna madzi a pakasupe, otungidwa kumene. Ndinkathamanga ndi kapu m'mawa, mame akundinyowetsa miyendo, ndipo iwo ankawasunga m'kamwa kanthawi asanameze, maso ali chitsinzinire.

Masana tinkawagoneka pabalaza, pansi pa mapu aja, chifukwa ndi pamene dzuwa linkalowa. Nthawi zonse ankagona choyang'ana kukhomo. Tsiku lina anandiuza kuti ndichotse pepalalo, lada ndi utsi. Amayi atamva anakana, nati limenelo ndi limene lakhala likuwagonetsa tulo zaka zonsezi. Ababa sanabwerezenso. Anamwalira chimanga chili m'nkhokwe, mphepo ikuwomba kuchokera kumalire a dziko. Pamaliro anzawo anavina ngoma, akuimba nyimbo za Chingoni zimene ife ana sitinkamva tanthauzo lake, ndipo ndinalira kwambiri poona malo a ababa pamzere ali opanda munthu.

Masiku onse a chisoni amayi anakhala pamphasa pabalaza pomwepo, atatsamira khoma loyang'anana ndi mapu. Titameta, anabwerera kudimba ngati kale. Koma anasiya kulowetsa alendo kuti aone mzinda, ndipo funso lawo lija sindinalimvenso. Dzina la a Nakumtunda linazimirira lokha. Ine ndinkaganiza kuti ndi umasiye chabe.

Ndili m'makalasi omaliza a pulayimale, aphunzitsi anabwera ndi mapu a dziko lathu n'kuwapachika pabolodi. Anatiuza kuti pamwamba pa mapu ndi kumpoto, osati kumtunda, ndipo kalasi yonse inatsutsa. Iwo anaseka, natilozera mtsinje wina umene madzi ake amalowera kumpoto, kupita pamwamba pa pepala. Anati mtsinje ungathe kuyenda kupita mbali iliyonse ya pepala, ndipo ojambula ena amaika kamuvi kosonyeza kumene madzi akulowera. Anawonjezera kuti mapu ukafuna kudziwa ngati wawagwira bwino, uone zilembo ngati zaima chilili. Anzanga ankalemba. Ine ndinkangoganiza za khoma la kwathu.

Ndinafika kunyumba amayi ali kudimba. Ndinakoka mpando, n'kukwera, n'kuyamba kufufuza mumtsinje muja. Utsi wa zaka zambiri unali utaphimba zinthu zing'onozing'ono, ndiye ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kumapukuta. Kamuviko ndinakapeza pafupi ndi mlatho wa sitima. Kanali kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo kankaloza m'mwamba, kwa ababa.

Ndinatsika pampando. Ndinatsatiranso mtsinjewo, tsopano mmene madzi ankayendera. Unkayambira kwa azungu aja amene amayi ankawamvera chisoni, pamene panali damu ndi nyumba yopopera madzi. Ukachoka apo unkalandira za zitsulo, za sopo, za zikopa, magazi a ng'ombe, kenaka n'kufika pa kadontho ka machesi. Mawu olembedwa pambali pa madamu a nsomba aja ndinawakopera papepala, ndipo m'mawa mwake ndinakafunsa aphunzitsi. Anandiuza kuti amenewo ndi maiwe osungiramo zonyansa za m'zimbudzi za mzinda wonse.

Ndinawakwiyira ababa, ndipo mkwiyowo unatenga nthawi kuti uphwe. Ndinkakumbukira dzanja lawo likuchotsa miyala, dzuwa limene ankati likuwathobwa, kuseka kwawo ponena za anthu olemba chadodolido. Nditakula ndi pamene ndinayamba kuona mbali inayo: munthu amene anaika mwana m'manda chifukwa cha madzi, akuyang'ana mkazi amene anaika naye mwanayo, anthu a m'mudzi atazungulira. Koma amayi sindinawauze. Mawu oti apite anatuluka pakamwa pawo, pamaso pa achimwene awo, ndipo anawanena atawerenga pepala limenelo ndi chala chawo. Ndinaona kuti ndikawauza ndiye kuti ndawasenzetsa maliro a ababa mpaka imfa yawo. Ngakhale Yohane sindinamuuze. Ndinakwatiwa, ndinasamukira kuboma, ndipo nthawi iliyonse ndikapita kumudzi ndinkakhala chofulatira khoma lija.

Zaka zingapo zapitazo mvula inang'amba nyumba yakale ija, ndiye ine ndi Yohane tinawamangira amayi ina yaing'ono ya njerwa zootcha, pafupi ndi kasupe pomwepo. Tsiku losamutsa katundu ndinapita ndi mwana wanga Madalitso, amene panthawiyo anali ku sekondale. Iye ndi amene anazula misomali ya mapu aja. Chiswe chinali chitadya ngodya imodzi pamodzi ndi popanga magetsi ponse. Atalowa nawo m'nyumba yatsopano ndinamumva akuseka, akunena kuti zaka zonsezi agogo akhala ndi mapu ozondoka. Anawatembenuza, naluma msomali, n'kufunsa hamala.

Ine ndinali pakhomo ndi mtolo wa ziwiya, ndikusakasaka bodza loti ndimuletsere. Amayi anali pakhonde, akusankha kachewere wa mbewu. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe, bweza mmene unawapezera."

"Agogo, ali chadodolido."

"Ndikudziwa."

Ndinatula mtolo uja pansi. Amayi anandikodola kuti ndikhale, ndipo anayankhula manja akupitiriza ntchito. Anati anazindikira masiku a maliro aja, atakhala pamphasa opanda chochita koma kuyang'ana khoma. Anaona kuti mtsinjewo ndi wonenepa pamwamba, woonda pansi, ndipo timifuleni tonse tikuoneka ngati tikuuthawa m'malo mouthira. Anati moyo wawo wonse akhala m'mbali mwa madzi, ndipo sanaonepo mtsinje woonda ukamatsika. Zimenezo zinali pakhoma tsiku lililonse, ngakhale tsiku lija amalume anabwera, koma iwo ankangoona pamene panagunda chala cha amuna awo.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anandiyang'ana ndi maso awo ofooka aja, nati tsiku lina pochokera kudimba anapeza mpando uli pakhoma, ndi malo oyera pamtsinje pamene chala cha mwana chinapukuta utsi. Anadziwa kuti ndaona. Anadikira kuti ndinene, ine osanena, ndiye anaganiza kuti mwina ndikuwasungira ulemu ababa, n'kusankha kundisiya nawo ulemuwo. Tinakhala choncho zaka zonsezo, aliyense akubisira mnzake chinthu chomwecho.

"Ine ndi amene ndinati apite," anatero.

Ndinayesa kuwauza kuti ababa akanapitabe, kuti mwina sanali madzi, kuti wolakwa si iwo. Anangopukusa mutu, ngati mmene ankakanira mtengo woipa wa tomato kumsewu. Sanalire. Amene ndinalira ndine, mayi wa ana akuluakulu, mwana wanga ataima ndi hamala osadziwa koyang'ana. Kenaka amayi anamuuza mofatsa.

"Khoma, mdzukulu wanga. Agogo ako ali moyo anagona kunsi kwa anthu onse. Pakhoma panga agone kumtunda."

Masiku ano ana sakwera pampando kuti aone mzinda. Madzulo a tsiku lomwelo Madalitso anautsegula pafoni, tikuuona kuchokera m'mwamba ngati akabawi. Mtsinje ulipobe, mlatho wa sitima ulipo, mafakitale ena madenga anasasuka. Pa dambo la ababa pali nyumba zothithikana mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo ndinadzifunsa kuti amuna angati a kwathu kuno akugona pamenepo, nanga akazi awo amawauza zotani. Amayi anailandira foniyo, naipendeketsa kuti aone bwino, chithunzi n'kudzitembenuza chokha kubwerera mmene chinalili. Anayesanso, chimodzimodzi. Anaibweza, nati chinthu chimenechi chilibe chisoni.

Amayi anatisiya chaka chatha, ndipo tinawaika pambali pa ababa, pachitunda. Mapu aja ali pabalaza panga kuboma, ndi zivindikiro za mabotolo zomwe zija, zadzimbiri. Alendo ophunzira akabwera amawayang'ana, n'kupendeketsa mutu, kenaka amandiuza mwaulemu kuti amene anandikhomera analakwitsa. Ndimawathokoza, n'kuwapatsa madzi akumwa, mapuwo n'kuwasiya mmene alili.